Mmene Gologolo Anagulira Pikapu ndi Basera

Padangokhala. Amene muli ndi makutu vomerani kuti tili tonse, amene mukusinza sunthirani kumbuyo mupatse malo anzanu.

Padangokhala Gologolo, mayi wamng'ono thupi koma wakuthwa pakamwa, amene anzake ankamuitana ndi mfunda wake kuti Nachanza. Iyeyu ndiye anali wapampando wa gulu la amayi olima matimati kudimba. Pa nkhani yonenerera malonda panalibe womuposa. Ankati akangoima pa benchi la munthu, wogulitsa ankatsitsa yekha mtengo asanafunsidwe, kuopa kutha mawu pagulu.

Chaka chimenecho matimati anabereka modabwitsa. Koma mafuta a galimoto anasowa m'dziko lonse la nyama, matola onse anaima, ndipo msika waukulu unali ulendo wa masiku awiri wapansi. Mukudziwa nokha kuti matimati akupsa sasenzedwa pamutu masiku awiri, ukafika nawo ali phala. Ndiye amayiwo anasonkha mtedza wawo wonse, pakuti ndalama ya dzikolo inali mtedza, n'kukwana matumba makumi anayi. Anamutuma Gologolo kuti akagule pikapu ya magetsi, ija yosamwa mafuta, yongodya dzuwa.

Mbira, wachiwiri wake m'gululo, anamukokera pambali. "Nachanza, pakatha masiku asanu ndi awiri matimati onse akhala atapsa. Akaolera m'dimba ndiye kuti thukuta la chaka chonse lapita pachabe."

"Saola," anatero Gologolo. "Eni ake analengeza okha pa wailesi miyezi itatu yapitayo kuti pikapu ndi matumba makumi anayi. Ndibwera nayo, mwinanso ndi chenje."

Opanga mapikapu anali awiri okha, Njati ndi Chipembere, mabwana a mimba zawo. Mafakitale awo anayang'anizana pa msewu wopita kumsika, ndipo eni akewo sankapatsana moni, poti atambala awiri salira m'khola limodzi. Zipangizo zinkabwera pa sitima kuchokera kutsidya kwa nyanja, koma chaka chimenecho sitimayo inafika kamodzi kokha. Njati anathamangira kudoko n'kugula mabatire onse kuti mnzake asowe. Chipembere atamva, anagula matayala onse kuti mnzakenso alire. Ndiye taonani uchitsiru wake. Kwa Njati mapikapu anangokhala pa njerwa opanda miyendo, kwa Chipembere anaima pa matayala onyezimira koma opanda batire. Yoyenda aliyense anali nayo imodzi yokha, yoonetsera pageti.

Gologolo anayambira kwa Njati.

"Odi bwana. Ndabwera ndi makumi anayi aja munanena."

"Amene aja anali a kale, mayi," anatero Njati, osatukula n'komwe mutu. "Zipangizo zasowa. Lero ndi makumi asanu."

Gologolo sanadandaule. Anamwetulira chamumtima, poti machenjera amenewa ankawadziwa kuyambira ali mtsikana. Kumsika wogulitsa akakuumira mtengo, umapita kwa mnzake n'kumuuza mtengo wa woyambayo, iye n'kutsitsa kuti akulande. Anadumpha msewu n'kulowa kwa Chipembere.

"Bwana, anzanu kutsidyaku akuti makumi asanu. Inu mukuti bwanji?"

Chipembere anapumira m'mwamba. "Njati akuti makumi asanu? Chigoba chake chija? Ndiye yanga ndi makumi asanu ndi limodzi. Pikapu ya Chipembere singatsike mtengo kuposa ya Njati, anthu angamati ndi yachabechabe."

Gologolo anaganiza kuti sanamve bwino. Mawa lake anabwerera kwa Njati, nayesanso nzeru yomweyo.

"Bwana, kutsidyaku akwera, akuti makumi asanu ndi limodzi. Inu mukandipatsa pa makumi anayi, dziko lonse lithamangira kuno."

"Wakwera kundiposa ine?" Njati anaimirira mpaka mpando unagwa. "Lembani pageti, makumi asanu ndi awiri."

Tsiku lachitatu Gologolo asanatsegule n'komwe pakamwa, Chipembere anali ataona kale chikwangwani cha mnzake, ndipo chake chinkati makumi asanu ndi atatu.

Apa mayi uja anachita manyazi, manyazi enieni ofika m'mafupa. Anazindikira kuti mapazi ake omwe ndiwo ankakweza mtengo, kunyamula nkhani uku n'kukaitula uko. Nzeru imene inamudyetsa zaka zonse kumsika wa matimati, kuno inamuluma iye mwini. Anachitanso mantha, pakuti uthenga unabwera kuchokera kwa Mbira woti matimati ayamba kufiira.

Anapita kukakhala pa galaja ya mlamu wake Nungu. Nungu anali makaniko wokalamba amene anagwirapo ntchito kwa mabwana onse awiri, ndipo onse awiri anamuchotsa ntchito zipangizo zitasowa.

"Alamu, anthu awa ndi amisala," anatero Gologolo. "Katundu sakuyenda, antchito awachotsa, koma mtengo akungokweza."

"Sakugulitsa pikapu amenewo, akugulitsa dzina," anayankha Nungu uku akupukuta sipanala. "Chimene wina wachita, mnzake afuna achite choposa. Wina atadzidula khutu, winayo angadule onse awiri."

Gologolo anafunsa, "Batire la Njati lingalowe mu pikapu ya Chipembere?"

"Eni ake amalumbira kuti silingalowe. Ine ndamangapo zonse ziwiri. Zinabwera pa sitima imodzi, chosiyana ndi penti basi. Kungopinda kachitsulo kamodzi, latheka."

"Ndiye nolani zida zanu, alamu. Ngati akupikisana pa chilichonse, ndiwapatsa china choti apikisanepo."

Anatumiza mawu kudimba kuti amayi khumi abwere, amphamvu zawo ndiponso a mawu abwino.

Tsiku lachinayi m'mamawa, geti likungotsegulidwa, Gologolo anali kale kwa Chipembere.

"Ngati ulibe makumi asanu ndi atatu, usanditayitse nthawi," anatero Chipembere.

"Pikapu ndaileka, bwana, si ya saizi yathu. Ndikufuna benchi logulitsirapo matimati. Zitsulo zili kuseri kwa fakitale zija, zosayenda zija, chimodzi chingandikwane. Ndipereka matumba makumi atatu."

"Makumi atatu? Kuti Njati amve kuti ndatsitsa?"

"Mwatsitsa chiyani, bwana? Pikapu yanu ili pomwepo pa makumi asanu ndi atatu, ndipo ikuyenera. Chopanda batire si pikapu, ndi benchi la matayala. Komanso ndine woyamba lero, ndipo wotsegula malonda sabwezedwa, mungadzitsekere mwayi."

Chipembere anali atatha miyezi itatu osagulitsa ngakhale bawuti. Anayang'ana matumba aja, nameza malovu, navomera.

Atalandira makiyi, Gologolo sanasunthe. Anangoima chotambasula dzanja.

"Ukudikiranso chiyani?"

"Basera, bwana."

"Basera n'chiyani?"

Ha, inu anthu, bwana wamkulu chonchija osadziwa basera. Munthu wobadwira mu ofesi ndi wosauka ndithu. Gologolo anamufotokozera modekha kuti kumsika munthu akagula mulu wa matimati, wogulitsa amaikapo limodzi kapena awiri pamwamba, aulere. "Ukulu wa wogulitsa sitiuonera pa mtengo, bwana, poti kukweza mtengo aliyense amatha. Timauonera pa basera."

Chipembere anafufuza m'kabati n'kutulutsa hutala yatsopano. "Tenga. Ukawauze kuti Chipembere si wouma manja."

Amayi aja anayamba kukankha chigalimotocho, ndipo atafika pageti la Njati, Gologolo anayambitsa nyimbo. Inali nyimbo ya kumsika, ija amayi amaimba akagula pabwino. Wotsogolera amatchula dzina la wogulitsa ndi chimene waikapo pamwamba, ena onse n'kuvomera kuti dzanja lake ndi lotambasuka, ndipo kumapeto nyimboyo imafunsa ngati m'dziko muno muli wina wofanana naye. Pa funso limenelo amayi anachedwapo dala, kulibwereza katatu, maso ali pa zenera la Njati.

Tsiku lachisanu Gologolo analowa kwa Njati ngati sakudziwa kanthu.

"Ndikufuna sola ndi nthambo yake, bwana, tiziunikira benchi lathu. Ndili ndi matumba asanu ndi limodzi."

Njati anapereka, koma mtima unali pena. "Dzulo mumaimba chiyani pageti langa?"

"Aa, zachibwana za kumsika, bwana. Timangoyamika basera la a Chipembere. Anatipatsa hutala."

"Hutala? Kanthu kolira ngati mwana wa mbuzi? N'chimene mwamuimbira nyimbo msewu wonse?" Njati anakuwira wantchito. "Apatseni nyale ziwiri zakutsogolo, zazikulu zija."

Amayi anatuluka ndi nyale pamutu, ndipo nyimbo ija inamvekanso. Koma tsopano dzina linali la Njati, ndipo funso lakumapeto analiimbira pageti la Chipembere, katatu konse.

Dzuwa lisanapendeke, Chipembere anatuma mthenga kudzamuitana Gologolo.

"Sukufuna kugula kanthu kena kuno?"

"Mwina lona lofunditsira matimati, bwana. Ndatsala ndi matumba anayi, ndipereka atatu."

Chipembere anaponya lonalo pansi, kenako iye mwini anagubuduza tayala latsopano la sipeya, naikapo ndi jeke. "Basera. Njati akapereke tayala tione, poti alibe ngakhale limodzi. Kaimbeni."

Anaimbadi, ndipo ulendo uno anthu a m'misewu anayamba kuvomera nawo. Ana a sukulu anaitola nyimboyo, oyendetsa njinga anaitola, mpaka alonda a Njati nawonso anapezeka akuing'ung'udza pageti la bwana wawo.

Madzulo a tsikulo Mbira anafika yekha kuchokera kudimba atanyamula matimati awiri m'manja, ofiira psuu, limodzi litayamba kufewa.

"Nachanza, tili ndi hutala, nyale, lona ndi nyimbo. Koma chigalimotochi chikuyenda ndi misana yathu. Mtedza watsala thumba limodzi. Amayi kumudzi ayamba kulira."

Gologolo anagwira tomato lofewalo ndipo mtima unamupweteka. Ankadziwa kuti mawa zikakanika, sadzayendanso pakati pa anzake mutu uli m'mwamba. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Anangoti, "Tumizani mawu kudimba, amayi ayambe kuthyola mawa. Aike m'madengu, adikire pamsewu."

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anasenza yekha thumba lotsala lija, ulendo kwa Njati. Anamupeza maso ali ofiira, akuzungulirazungulira mu ofesi.

"Bwana, ndatsala ndi thumba limodzi. Mundigulitse kansalu kopukutira galasi."

Njati anamupatsa kansaluko. Gologolo anakapinda bwinobwino, nathokoza, natembenuka n'kumapita.

"Ima. Basera sufuna?"

"Ayi bwana, musavutike. Nkhani ija inatha. A Chipembere anapambana, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo, mwayesetsa ndithu."

"Wapambana ndani?"

"Tayala ndi jeke, bwana. Pamsika ponse akuti choposa pamenepo kulibe. Ena amati kaya mwina batire, koma anzawo anawaseka. Akuti batire ndiye mtima wa bwana Njati, ndipo munthu sapereka mtima wake pa kansalu ka thumba limodzi. Ine ndinakuikirani kumbuyo, ndinati si kuumira ayi, ndi kusamala."

Mawu akuti kusamala anamubaya Njati kuposa kutukwanidwa. Komabe sanali chitsiru chotheratu. Anamuyang'ana Gologolo ndi diso limodzi. "Ukufuna ukaike batire langa m'chigoba cha Chipembere chija?"

"Lingalowe, bwana?"

Njati anaseka mpaka mimba kugwedezeka. "Batire la Njati m'chitini cha Chipembere? Silingalowe ngakhale mutalipempherera. Ukalikhalire ngati mpando pa benchi lakolo." Anatsegula chitseko n'kukuwa kuti msewu wonse umve. "Tulutsani batire lalikulu. Basera la Njati, pa kansalu ka thumba limodzi. Uyo wa nyanga imodzi abwere adzaone."

Amayi asanu ndi atatu ndiwo analinyamula batirelo pa mitengo. Nyimbo ya tsiku limenelo inagwedeza malata a mafakitale onse awiri, ndipo Njati anaima pageti chifuwa chili patsogolo, akugwedeza mutu motsatira kayimbidwe.

Ku galaja Nungu anali atayala kale zida. Anapinda kachitsulo kake kamodzi kaja, namanga mabawuti, nalumikiza nthambo, naimika sola padzuwa. Gologolo anakhala pa chiwongolero atadzisanjikira mitsamiro itatu kuti aone kutsogolo. Anapotokola kiyi. Sipanamveke kanthu, ndipo Mbira anagwira kumutu.

"Yakana," anatero Mbira.

"Siinakane, mayi," anatero Nungu. "Ya magetsi silira. Alamu, pondani."

Gologolo anaponda, ndipo pikapu inanyamuka mwakachetechete ngati mphaka. Amayi analulutira mpaka mawu kusasa.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri m'mawa madengu anali atandandalika pamsewu wa kudimba. Anapakira, nafunditsa lona, ulendo. Pofika pakati pa mafakitale aja, Gologolo anayatsa nyale za Njati dzuwa likuswa mtengo, naliza hutala ya Chipembere kawiri. Mabwana onse awiri anatuluka, ndipo anangoti kakasi kuona benchi la matimati likudutsa lokha popanda wokankha. Aliyense anathamangira pikapu yake yoonetsera ija n'kuyamba kulondola.

Anamupeza kumsika akutsitsa madengu, anthu atamuunjirira.

"Pikapu iyi ndi yanga," anakuwa Chipembere. "Ndinagulitsa benchi, osati galimoto."

"Ikuyenda ndi batire langa," anakuwa Njati. "Ndilichotsa pompano."

Nyani, tcheyamani wa msika, anabwera ndi ndodo yake n'kufunsa kuti phokoso n'lachiyani. Gologolo anagwada mwaulemu nafotokoza zonse, chimene anagula kwa uyu, chimene anagula kwa uyo, ndi basera la aliyense.

"Benchi analipira?" Nyani anafunsa Chipembere.

"Analipira."

"Munapangana kuti lisamayende?"

"Ayi."

"Nanga inu bwana Njati, batire anakuberani?"

"Ndinapereka ndekha. Basera."

"Nyimbo anakuimbirani?"

"Anaimba."

"Munavina?"

Khamu lonse linaseka, poti ambiri anamuona akugwedeza mutu pageti. Nyani anagogoda ndodo pansi. "Ine ndakalambira mumsika muno. Ndaonapo ndewu za sikelo, ndaonapo ndewu za malo. Koma wogulitsa wolondola munthu kudzalanda basera sindinamuonepo, ngakhale wogulitsa bonongwe. Amene akufuna kukhala woyamba, nayo pikapu, achotse chake anthu onsewa akuona."

Njati anayang'ana Chipembere, Chipembere anayang'ana Njati. Aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe, kuti manyazi agwere iyeyo. Palibe anasuntha.

Pamenepo Nguluwe, mlimi wa mbatata, anafunsa mokweza kuti zonse pamodzi zadya matumba angati.

"Makumi anayi," anatero Gologolo. "Mtengo womwe uja analengeza eni ake pa wailesi."

Msika wonse unayamba kunong'onezana. Wina anati mawa akagula benchi kwa Chipembere, wina anati iye akagula kansalu kwa Njati, wina anafunsa kumene kuli galaja ya Nungu. Mabwana aja anamva zonsezo ndipo thukuta linawatsika. Sabata isanathe, anthu anaona antchito akugubuduza matayala kuoloka msewu kupita kwa Njati, ena akusenza mabatire kupita kwa Chipembere, eni ake ataima aliyense pageti lake osapatsana moni. Mtengo unatsika kufika pa makumi anayi ndi mphambu zisanu. Sunabwerere penipeni pakale, poti mtengo pokwera umathamanga koma potsika umayenda ngati nkhalamba.

Koma zimenezo zinali za m'tsogolo. Tsiku lomwelo Gologolo analibe nazo ntchito, maso ake anali pa madengu. Msika unali utakhala milungu yambiri osaona tomato, ndiye anthu analimbirana ngati nyerere pa shuga. Pikapu inabwerera kudimba kachiwiri, n'kubwereranso kachitatu, ndipo dzuwa lisanalowe dengu lomaliza linali litapita.

Pobwerera kumudzi amayi anakhala kumbuyo pamwamba pa matumba a mtedza watsopano, madengu opanda kanthu atawavala kumutu ngati zipewa. Atafika, Mbira anatsika nalowa m'dimba yekha, nayenda mzere ndi mzere akusuzumira pansi pa masamba. Anatuluka manja ali m'mwamba, misozi ili m'masaya.

"Nachanza, silinaole ndi limodzi lomwe."

Gologolo anatsika pa mitsamiro yake itatu ija. Ananyada, ndipo sanabise kuti wanyada. Anayenda pakati pa amayi anzake kuchokera pamsewu mpaka pakhomo pake, mchira atauimika m'mwamba kuti tswii, ndipo sanautsitsenso. Mpaka lero mukakumana ndi gologolo muona mchira uli m'mwamba, ndipo musamuseke, anaugwirira ntchito.

Nthano yanga yathera pompa. Amene munakwirira mbatata paphulusa kaifukuleni isanapserere, ine ndatsuka m'kamwa.